Chingwe cha Ngamira ndi Makina Oyankha Mafunso: Mbiri ya Mawu Oti Aql

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah amene adampatsa munthu nzeru nam'senzetsa nazo udindo. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Chiyambire November 2022, pamene kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT, wophunzira aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo akutha kulemba funso la Fiqh n'kulandira yankho madzi a tiyi asanawire. Yankholo limabwera losalala, lokonzedwa m'ndime, nthawi zina lili ndi dzina la buku ndi nambala ya Hadith. N'chifukwa chake m'makalasi mwathu mwabuka funso lakuti: kodi makinawa ali ndi nzeru? Kumbuyo kwa funsoli kuli lina lolemera kwambiri. Ngati ali nazo, kodi mwamuna amene walankhula mawu a talaka ali wokwiya angawafunse za banja lake? Kodi ana amasiye angagawirane nawo chuma cha bambo awo?

Ambiri amaganiza kuti nkhaniyi yayamba dzulo. Koma Asilamu adapangapo makina oyenda okha zaka zoposa 1,100 zapitazo, ndipo ma Ulama athu adakambirana kale za galu wophunzitsidwa, mbalame yolankhula ndi chida chotulutsa mayankho m'ndakatulo. Tiyeni titsate mapazi awo, tione chimene ankachitcha nzeru ndi chimene ankakana kuchitcha choncho.

Tanthauzo loyamba: kumanga

Mawu a Chiarabu amene timawamasulira kuti nzeru ndi aql. Tsinde lake ndi zilembo zitatu, ain, qaf ndi lam, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kumanga. Mwarabu wa m'chipululu akafika pogona ankagwaditsa ngamira yake, napinda mwendo wake wakutsogolo ndi kuumanga ndi chingwe chotchedwa iqal kuti isadzuke usiku n'kusochera. M'Hadith imene adailandira Imam Tirmidhi, munthu wina adafunsa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kuyadzamira kwa Allah. Adauzidwa kuti aimange kenako ayadzamire, ndipo mneni amene ali pamenepo ndi wa tsinde lomweli.

Fiqh nayo idasunga tanthauzo limeneli. Dipo la munthu wophedwa mwangozi limatchedwanso aql, chifukwa ngamira za dipolo zinkamangidwa pabwalo la abale a wophedwayo, ndipo achibale akuchimuna amene amathandizana kulipira amatchedwa aqila. Choncho m'chiyankhulo cha Qur'an, nzeru, kumanga ndi kusenza mlandu zidabadwira m'nyumba imodzi.

Chinthu china choyenera kuchisunga n'chakuti m'Qur'an yolemekezeka tsindeli likupezeka m'malo 49, ndipo m'malo onsewo ndi mneni. Dzina lakuti aql mulibemo. Nzeru ikubwera ngati ntchito imene munthu amaichita kapena kuisiya. Surat Al-Hajj ndime 46 ikuilumikiza ndi mtima, ndipo Surat Al-Mulk ndime 10 ikutionetsa anthu a ku Moto akudandaula kuti sadamvere ndipo sadaigwiritse ntchito. Anthu amenewa sadali zitsiru pa malonda kapena pa ndakatulo. Chimene adasowa ndi chingwe.

Aarabu ali ndi mawu ena, dhakaa, ochokera ku kuyaka kwa moto. Amanena za luntha, kufulumira kumva chinthu ndi kupeza njira. Ibn al-Jawzi, amene adamwalira mu 1201, adalemba buku lathunthu la nkhani za anthu aluntha lotchedwa Al-Adhkiyaa, ndipo m'menemo muli ma qadhi, ana, mbala ngakhalenso nyama. Onani kuti masiku ano Aarabu akamamasulira AI amagwiritsa ntchito dhakaa. Mawu oti aql adawasiya pambali.

Akatswiri a ku Baghdad ndi ku Amid

Cha m'ma 850, m'mzinda wa Baghdad, ana atatu a Musa ibn Shakir, omwe ndi Muhammad, Ahmad ndi Hasan, adatulutsa Kitab al-Hiyal, buku lofotokoza zida pafupifupi 100. Anyamatawa adaleredwa pansi pa Khalifa Al-Ma'mun. M'bukumo muli nyale yodziwonjezera mafuta ndi kukankha chingwe chake chikamatha, mitsuko yotulutsa madzi muyeso umodzi n'kuleka yokha, ndi zomwera ziweto zodzadza zokha madzi akachepa. Adafotokozanso padera za chitoliro choimba chokha choyendetsedwa ndi madzi. Nyimbo yake inkalembedwa ndi timano tosomeka pa chigubu chozungulira, ndipo wosintha timanoto wasintha nyimbo. Olemba mbiri ya makina amachitenga chida chimenechi ngati chimodzi mwa zoyambirira zimene munthu ankatha kuzipatsa malangizo osinthika.

Mu 1206, ku Amid, mzinda umene lero ukutchedwa Diyarbakir m'dziko la Turkey, Ismail ibn al-Razzaz al-Jazari adamaliza buku la zida 50 molamulidwa ndi mfumu Nasir al-Din Mahmud wa banja la Artuq. Chotchuka kwambiri ndi wotchi ya njovu. M'mimba mwa njovuyo mudali thanki ya madzi, ndipo pamadzipo pankayandama mbale ya kachiboo kakang'ono. Mbaleyo inkatenga theka la ola kuti imire. Ikamira inkakoka chingwe chomasula kampira kachitsulo pamwamba pa nsanja, mbalame n'kulira, kampirako n'kugwera m'kamwa mwa njoka, njokayo n'kuwerama chifukwa cha kulemera, n'kukokanso mbale ija kuti iyandame, ndipo woyendetsa njovu ankamenya chizindikiro cha nthawi. Al-Jazari adapanganso zida zothira madzi osamba m'manja ndi a wudhu, zina zili ndi kachidole kopereka sopo ndi kansalu kopukutira.

Taonani dzina limene akatswiriwa adaipatsa ntchito yawo: hiyal, kuchulukitsa kwa hila, kutanthauza njira yochenjera yofikira pa chinthu. Ndi mawu omwewo amene ma Fuqaha amagwiritsa ntchito pa njira zozembera lamulo, ndipo mu Sahih Bukhari muli gawo la dzina limeneli. Palibe mwa iwo amene adati kachidole kakudziwa kuti mfumu ikufuna kuswali. Nzeru idali mwa amene adayesa kukula kwa kachiboo. Ndipo pa madh-hab a Imam Shafi, amene ambiri a ife timatsatira, niyah ndi nsichi ya wudhu. Madzi athire munthu kapena kachidole ka mkuwa, chitsimikizo chimakhala mumtima mwa wosambayo.

M'zaka zomwezo za Al-Ma'mun, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi adalemba buku la al-jabr, ndipo gawo lalikulu la bukulo ndi masamu a wasiya ndi kagawidwe ka chuma cha masiye. Dzina lake litalowa m'Chilatini lidasanduka Algoritmi, kumene kwachokera mawu oti algorithm, ndondomeko ya masitepe imene kompyuta iliyonse imayendera. Ubwino wa ndondomeko yotere ndi wakuti woitsatira amapeza yankho ngakhale asakumvetsa chifukwa chake. Koma ndondomeko siingakuuzeni ngati mayi amene wabwera pamaliro adali mkazi wa malemuyo mwa Shariah, kapena ngati ngongole yomwe ikunenedwa ndi yoona. Izo zimafuna mboni ndi qadhi.

Matanthauzo anayi a Imam Al-Ghazali

Al-Harith al-Muhasibi, amene adamwalira ku Baghdad mu 857, adafotokoza aql ngati chibadwa chimene Allah amachiika mwa munthu, chosaoneka ndi maso, chodziwika ndi zochita zake. Patapita zaka zoposa 200, Imam Abu Hamid al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adaona kuti anthu amakangana za nzeru chifukwa chakuti mawu amodzi akunyamula zinthu zingapo. M'gawo la ilm la buku lake Ihya Ulum al-Din adazilekanitsa panayi.

Choyamba ndi chibadwa chija chimene chimamusiyanitsa munthu ndi nyama, chomukonzekeretsa kulandira maphunziro. Chachiwiri ndi zinthu zimene mwana wozindikira amangozidziwa osaphunzitsidwa, monga kuti ziwiri n'zochuluka kuposa chimodzi, ndi kuti munthu mmodzi sangakhale malo awiri nthawi imodzi. Chachitatu ndi chidziwitso chobwera ndi zokumana nazo, chimene timachiona mwa akuluakulu amene aona zambiri. Chachinayi ndi mphamvu yoona mapeto a zinthu n'kugonjetsa chilakolako chofuna zokoma za pompano. Iye adati chachinayichi ndiye chipatso ndi cholinga cha zonse.

Tiyese makina a lero pa muyeso umenewu mwachilungamo. Pa chachiwiri ndi chachitatu ali ndi chinthu chofanana nazo: amawerengera mofulumira kuposa ife, ndipo amasintha mayankho awo malinga ndi zitsanzo zimene apatsidwa. Wokana zimenezi akukana zooneka. Koma chachinayi chimafuna zinthu ziwiri. Pakhale chilakolako chofuna kumangidwa, ndipo pakhale mapeto amene mwiniwake adzakumana nawo. Munthu wosala m'mwezi wa Ramadhan amamva ludzu, madzi ali pafupi, palibe womuona, n'kudziletsa chifukwa akudziwa kuti adzaima pamaso pa Mbuye wake. Makina akakana kuyankha funso loipa amakana chifukwa choti opanga adawaikira malire. Chingwe chilipo ndithu, koma chili m'dzanja la munthu wina.

Chida choyankha mafunso chimene Ibn Khaldun adachiona

Mwa zonse za m'mbiri yathu, chimene chikufanana kwambiri ndi za lero ndi za'irja. Ibn Khaldun adachifotokoza mu Muqaddima, buku limene adalilemba mu 1377 ku Qal'at Ibn Salama, m'dziko la Algeria ya lero. Chidali chojambula cha mabwalo ozungulira, lina mkati mwa linzake, okhala ndi mayina a magulu a nyenyezi, zilembo ndi manambala, ndipo kuseri kwake kudali tebulo la timabokosi tambirimbiri. Anthu a ku Maghrib ankati adachiyambitsa ndi Abu al-Abbas al-Sabti.

Wofunsa ankalemba funso lake. Katswiri ankaliphwanya m'zilembo, nazisakaniza ndi zilembo za mzere wina wa ndakatulo umene ankati ndi wa Malik ibn Wuhayb wa ku Seville, kenako n'kumasankha ndi kutaya zilembo motsatira masamu odziwika. Pamapeto pake pankatuluka yankho la m'ndakatulo, la muyeso ndi kamvekedwe ka mzere uja, logwirizana ndi funsolo. Anthu otchuka ambiri adatengeka nacho, nakhulupirira kuti chikuulula zobisika.

Chiweruzo cha Ibn Khaldun n'choyenera kuti wophunzira aliyense achisinkhesinkhe. Sadagwirizane ndi amene ankati zonsezo ndi chinyengo chabe. Adati ndondomekoyo ili ndi malamulo ake, ndipo munthu asakane chinthu chifukwa chongoti nzeru zake sizidachifikire. Koma adakana kwa mtuwagalu kuti chidacho chimadziwa ghaib. Chimene chimachitika, malinga ndi iye, ndi kugwirizana kwa mawu a yankho ndi mawu a funso. Kuti yankholo likugwirizana ndi zimene zilidi kunjaku, imeneyo ndi nkhani ina imene zilembo sizingaithetse.

Makina oyankhula a masiku ano ndi aakulu koposa za'irja mosayerekezeka, komabe kusiyanitsa kwa Ibn Khaldun kukugwira. Amaphunzitsidwa pa zolembedwa zochuluka zedi, ndipo ntchito yawo yoyambirira ndi kulosera kachidutswa ka mawu koyenera kutsatira mawu amene alembedwa kale. Chifukwa choti zolembedwa zambiri za anthu zili ndi zoona, mayankho ambiri amakhala olondola. Koma pamene choonadi sichili pafupi, ndondomekoyo siiima. Imatulutsabe chiganizo chooneka bwino. Apa ndi pamene pamachokera Hadith yopanda mwini, yokhala ndi nambala ndi dzina la buku, koma m'bukumo mulibe.

Galu, chinkhwe ndi ngamira m'mabuku a Fiqh

Ma Ulama a Usul adagwirizana kuti aql ndi pamene pamakolekedwa taklif, kutanthauza kusenzetsedwa malamulo. Hadith imene adailandira Abu Dawud ndi ena ikutchula anthu atatu amene zochita zawo sizilembedwa ngati machimo: mwana kufikira atatha msinkhu, wogona kufikira atadzuka, ndi wamisala kufikira atachira. Wogona akhoza kutchula mawu a talaka momveka bwino, koma mkazi wake sasiyidwa. Mawu alipo, wolankhula amene akuwafuna palibe. Ndipo Surat An-Nisa ndime 5 ndi 6 ikuwonjezera muyeso wina wotchedwa rushd: mwana wamasiye sapatsidwa chuma chake chifukwa chongotha msinkhu, mpaka aonedwe kuti akudziwa kuchisamala.

Nanga chinthu chimene chimaphunzira koma si munthu? Surat Al-Ma'idah ndime 4 ikuloleza nyama yogwidwa ndi zilombo zosakira zimene zaphunzitsidwa, ndipo mawu ogwiritsidwa ntchito ndi a kuphunzitsa enieni. Ma Fuqaha adaika zizindikiro za galu wophunzira: amapita akatumidwa, amaima akaletsedwa, ndipo sadya nyama imene wagwira, ndipo zimenezi azichite mobwerezabwereza. M'Hadith ya Adi ibn Hatim (Allah asangalale naye), imene ili mu Bukhari ndi Muslim, mlenje akuuzidwa kutchula dzina la Allah potumiza galu wake. Galuyo akadyako, nyamayo isadyedwe chifukwa wadzigwirira yekha. Akapezeka galu wina pa nyamayo, osadziwika kuti wapha ndi uti, isadyedwenso, chifukwa dzina la Allah lidatchulidwa pa galu mmodzi yekha. Apa Shariah ikuvomereza kuti chinthu chosakhala munthu chingaphunzire ndi kugwira ntchito yaphindu. Koma kutchula dzina la Allah, kutuma ndi kufufuza nyamayo zikutsalira kwa mlenje.

Chitsanzo chachiwiri ndi chinkhwe. Munthu akamva ndime ya sijida ikuwerengedwa amagwetsa nkhope pansi. Kwa ma Hanafi ndi wajib, kwa ma Shafi ndi sunnah. Nanga akaimva kwa mbalame yophunzitsidwa kulankhula? Mabuku a madh-hab onse awiri akuti palibe sijida, ndipo ma Hanafi adawonjezerapo mawu obwerera kuchokera kuphiri. Zilembo zonse zikhoza kutuluka bwinobwino, koma kuwerenga Qur'an ndi ntchito ya amene akulinga kuwerenga.

Chachitatu ndi funso la kuwononga. Mu Bukhari ndi Muslim muli Hadith yonena kuti chovulaza cha nyama chilibe dipo. Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani ya ngamira ya Al-Bara ibn Azib imene idalowa m'munda wa munthu n'kuwononga, ndipo chiweruzo chidali chakuti eni minda ayang'anire minda yawo masana, pomwe zowonongedwa ndi ziweto usiku alipire eni ziweto. Ma Fuqaha adalumikiza ziwirizi: nyama payokha siimbidwa mlandu, koma ikakhala ndi wokwera, wokoka kapena woikusa, kapena mwini wake akailekerera, mlandu umapita kwa munthuyo. Chimodzimodzi wokumba dzenje panjira ya anthu. Choncho makina akapereka yankho lolakwika limene laphwanya banja kapena ladya gawo la mwana wamasiye, Fiqh siifunsa makinawo. Imafunafuna munthu: wopanga, wofalitsa, ndi amene adalitenga yankholo osalifufuza.

Pamene makina adayamba kunyamula mawu

Thomas Edison atapanga galamafoni yake yoyamba mu 1877, sipadatenge nthawi yaitali kuti mawu a owerenga Qur'an ajambulidwe. Mu 1906 Sheikh Muhammad Bakhit al-Muti'i, amene pambuyo pake adakhala Mufti wa dziko la Egypt, adasindikiza kabuku ka malamulo a kuwerenga kotuluka m'chida chimenechi, ndipo nkhaniyo idakambidwa kwambiri m'magazini ya Al-Manar ya Rashid Rida. Ambiri mwa ma Ulama a pambuyo pake adabwerera ku mas'ala a chinkhwe ndi mawu a kuphiri, nagamula kuti zojambulidwa zilibe sijida, ngakhale kumvetsera kwake kuli ndi phindu.

Mu 1911 Sheikh Jamal al-Din al-Qasimi wa ku Damascus adalemba buku loikira kumbuyo kugwiritsa ntchito uthenga wa telegalafu, kuphatikizapo wa kuoneka kwa mwezi. Mfundo yake idali yakuti waya ndi wonyamula chabe, monga kalata, ndipo chofunika kuyang'ana ndi kukhulupirika kwa wotumiza. Mu 1986 bungwe la Fiqh la Rabita ku Makka lidagamula kuti adhana ya pa kaseti siikwanira m'malo mwa muadhini, chifukwa adhana ndi ibada yofuna niyah. Mu 1990, ku Jeddah, bungwe la Fiqh la maiko a Chisilamu lidavomereza mapangano a malonda ochitika pa foni, fakisi ndi kompyuta, koma lidapatulapo nikah chifukwa cha mboni.

Mukaika zigamulo izi pamodzi muona ulusi umodzi. Pamene chida chikunyamula mawu a munthu wodziwika, ma Ulama adachilandira. Pamene chikufuna kuima pamalo a munthu mu ntchito yofuna niyah kapena umboni, adachibweza.

Kuchokera ku Vienna kufika lero

Mu 1770 Wolfgang von Kempelen adaonetsa ku Vienna chidole chovala ngati Mturuki chimene chinkasewera chess n'kumagonjetsa anthu. Mu 1809 chidasewera ndi Napoleon. Chinsinsi chake chidali chakuti m'bokosi mwake munkabisala katswiri wa masewerawo. Mu 1997 kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue idagonjetsa Garry Kasparov popanda wobisala, ndipo mu 2016 AlphaGo idagonjetsa Lee Sedol ku Seoul masewera anayi mwa asanu. Komabe tingati m'makina oyankhula a lero mudakali anthu obisala mwa njira ina: mamiliyoni a olemba amene zolemba zawo zidadyetsedwa m'makinawo, ndi antchito amene adasankha kuti yankho labwino ndi liti.

Alan Turing, m'nkhani yake ya mu 1950 m'magazini ya Mind, adaona kuti funso loti makina angaganize n'lovuta kulimasulira, choncho adalisintha: ngati wofunsa, polemberana, sangasiyanitse makina ndi munthu, zikwane pamenepo. Mayeso amenewa amayesa kufanana kwa mawu, chinthu chomwe Ibn Khaldun adachilekanitsa kale ndi kudziwa. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku MIT adapanga ELIZA, pologalamu yaing'ono yongotembenuza mawu a wolemba kukhala mafunso, ndipo adadabwa kuona anthu akuiululira za kukhosi. Mtima wa munthu sutenga nthawi kuganiza kuti kumene kukuchokera mawu kuli womvetsa.

M'nkhani yomweyo Turing adabwereza bodza limene linkayenda ku Ulaya lakuti Asilamu amakhulupirira kuti akazi alibe mzimu. Aliyense amene adawerenga Surat Al-Ahzab ndime 35, imene ikutchula amuna ndi akazi limodzi pa chikhulupiriro ndi pa malipiro, akudziwa kuti zimenezo n'zopanda maziko. Ngati katswiri wa masamu wa msinkhu umenewo adanyamula mphekesera osaifufuza, nanga makina amene adaphunzira pa zolembedwa zonse, zoona ndi zabodza, za okonda Chisilamu ndi za odana nacho?

Kwa wophunzira ndi mphunzitsi

Sitikunena kuti zida zimenezi n'zoletsedwa. Ana a Musa ndi Al-Jazari adali Asilamu, ndipo Al-Qasimi adadzudzula amene ankaopa waya. Makina amathandiza kupeza pamene mas'ala ali, kufupikitsa nkhani yaitali, kuyeserera Nahw ndi kuona ngati masamu a mirath alondola. Agwiritseni ntchito ngati galu wophunzitsidwa: mutumeni, koma nyama imene wabweretsa muiyang'ane musanaiike mumphika.

Akatswiri a Hadith adaika zinthu ziwiri pa wolandira nkhani: adala, kutanthauza kulungama kwa Msilamu wotha msinkhu, wanzeru, woopa kunama, ndi dhabt, kusunga molondola zimene adamva. Ngakhale munthu akapeza Hadith m'buku osaimva kwa mwini wake, njira imene adaitcha wijada, ankayenera kunena kuti waipeza m'zolemba za uje. Yankho la makina lilibe dzanja lodziwika limene lidalilemba. Choncho ndime iliyonse muione mu Mus-haf, Hadith iliyonse muipeze m'buku lake, ndipo mawu alionse oikidwa m'kamwa mwa Imam muwafunefune pa tsamba. Chimene simudachipeze musachikwere nacho pa mimbari. Muhammad ibn Sirin, monga zilili m'mawu oyamba a Sahih Muslim, adachenjeza kuti maphunzirowa ndi chipembedzo, choncho munthu ayang'ane amene akuwatengako.

Fatwa ndi nkhani ina. Ibn al-Qayyim, amene adamwalira mu 1350, adalipatsa buku lake dzina lofanizira mufti ndi wosayina m'malo mwa Mbuye wa zolengedwa, ndipo adafotokoza kuti mufti amafunika kumvetsa ziwiri: chimene chachitikadi, ndi lamulo la Allah pa chimenecho. Pa talaka, sheikh amafunsa mawu enieni amene adatuluka, chimene mwamunayo ankalinga, tanthauzo la mawuwo pa mwambo wa kumeneko, ndipo amamvanso mbali ya mkazi. Makina amayankha funso monga lalembedwera ndi munthu mmodzi, amene mwina walikonza kuti apeze chimene akufuna. Zidalembedwa za Imam Malik kuti adafunsidwa mafunso 48, nayankha kuti sakudziwa pa 32. Chimene chidamanga lilime lake ndi mantha a tsiku limene adzafunsidwe za yankho lililonse.

Inu aphunzitsi, ntchito yathu yakula. Surat Al-Jumu'ah ndime 5 ikufanizira amene adasenzetsedwa buku osalitsatira ndi bulu wonyamula mabuku. Ngati madrassa ingatulutse wophunzira amene amangobwereza zimene waloweza, osadziwa chifukwa cha lamulo, osasintha khalidwe, ndiye kuti tapanga chinthu chimene foni ikuchiposa kale. Tiwafunse ophunzira pakamwa, atiuze umboni ndi mmene umboniwo ukufikira pa lamulo. Tiwaphunzitse kunena kuti sindikudziwa popanda manyazi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma wofunsa aliyense wopezeka panjira nayenso amasochera.

Za mzimu, Surat Al-Isra ndime 85 ikutikumbutsa kuti tidapatsidwa kudziwa kochepa, choncho tisalankhule mopyola malire pa zinsinsi za kuganiza. Chimene chili poyera n'chakuti amana yotchulidwa mu Surat Al-Ahzab ndime 72 adaisenza ndi munthu, ndipo makutu, maso ndi mtima zotchulidwa mu Surat Al-Isra ndime 36 zidzafunsidwa kwa iye. Makina adzapitirira kukula mphamvu, ndipo mwina adzachita zambiri zimene lero tikuti sangathe. Koma pa Tsiku la Qiyama palibe amene adzapulumuke ponena kuti foni ndiyo idandiuza.

Tikupempha Allah atipatse maphunziro aphindu ndi nzeru yomanga zilakolako zathu. Allah ndi amene akudziwa bwino.